Suti yakuda si mthunzi

Wojambula zithunzi akamaphunzitsa mnzake pulogalamu ya Lightroom, asavutike ndi kumasulira maina a pa sikirini. RAW ikhale RAW, Tone Curve ikhale Tone Curve, pakuti wophunzira akamafufuza pa kompyuta adzawapeza atalembedwa momwemo. Nkhawa yanga ili pa Chichewa chimene timafotokozera mainawo.

Pa Tone Curve pali Shadows, amene kawirikawiri timangoti "mithunzi". Komatu mthunzi kwathu ndi wa patsinde pa mtengo, pousa dzuwa likaswa mtengo, ndipo wa munthu timati chithunzithunzi. Tone Curve sinena zimenezo. Mzere wake umayambira pansi kumanzere, kumene kuli mbali zakuda za chithunzi, n'kukwera mpaka pamwamba kumanja, kumene kuli zowala. Suti yakuda ya mkwati ili kumanzereko ngakhale mwiniwake ataima padzuwa la mu Okutobala. Tsitsi lake lili komweko, ndipo khungu la ambiri a ife silitalikira kumeneko. Mukauza wophunzira kuti akukonza mithunzi, adzatsitsa mzerewo poganiza kuti akukhudza patsinde pa mtengo pokha, pamene akuthira mdima pankhope ya mkwati. Tiziti mbali zakuda ndi mbali zowala, basi.

Ma preset a mzerewu alipo atatu: Linear, Medium Contrast ndi Strong Contrast. Linear ndi mzere wowongoka. Enawo amaupinda ngati chilembo cha S, kuukweza kumtunda ndi kuutsitsa kumunsi. Apa ndiye pamene timalakwitsa kwambiri ponena kuti preset "yawonjezera kuwala". Ayi, yatalikitsa zowala ndi zakuda: zowala zawalirawalira, zakuda zaderadera. Amene wamva kuti Strong Contrast imawalitsa adzathamangira kuiika pa chithunzi chimene chatuluka mwamdima, ndipo adzadabwa poona kuti mabatani a suti asowa, maluwa a pa velo ya mkwatibwi nawo asungunuka m'kuyera. Banja limene linalipira zithunzizo lidzaziona choncho moyo wonse, chifukwa cha mawu amodzi osokonekera.

Mwayi wake ngwakuti RAW imakhululuka. Fayilo ya RAW ya 14 bit imatha kusunga milingo 16,384 ya kuwala, pamene JPEG ya 8 bit ili ndi 256 pa mtundu uliwonse, ndipo preset sikhudza fayilo yeniyeniyo. Choncho tisamati preset "yamaliza" chithunzi. Ndi poyambira chabe, dzanja la wojambula lipitirize.

Nanga ntchito yonseyi tiitche chiyani? Mawu tili nawo kale. M'masiku a filimu tinkapita nayo ku situdiyo kukatsukitsa, ndipo mbali ya Lightroom imene kuli Tone Curve imatchedwa Develop, dzina lochokera ku ntchito yomweyo. Ine ndimati kutsuka RAW, ndipo ndikupempha aphunzitsi a kajambulidwe kuti azitero.