Khonsolo Yoyang'anira Sukulu za Ukachenjede mu Blantyre

Sukulu ya Polytechnic, yomwe ili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, idatsegulidwa m'chaka cha 1965 ndipo mu 1967 idakhala nthambi ya University of Malawi. Kwa zaka zoposa 50, mfundo zikuluzikulu zoyendetsera sukuluyi zinkamangidwa ndi khonsolo imodzi yomwe likulu lake lidali ku Zomba.

Zinthu zidasintha aphungu a Nyumba ya Malamulo atavomereza malamulo ogawa yunivesiteyi mu 2019. Pa 4 May 2021, Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizidwa n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Iliyonse tsopano ili ndi khonsolo yakeyake.

Anthu wamba saponya voti posankha mamembala a khonsolo. Wapampando amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko lino, ndipo alembi aakulu oona za maphunziro ndi za chuma m'boma amakhalamo chifukwa cha maudindo awo.

Khonsolo imayang'anira chuma ndi katundu wa sukulu, imavomereza ndondomeko ya zachuma komanso imakhazikitsa fizi. Za maphunziro ndi mayeso zili m'manja mwa bungwe la Senate.

Udindowu ngwaukulu. Mu 2016, khonsolo ya University of Malawi itakweza fizi, ophunzira adachita zionetsero, nkhani idakafika kukhoti ndipo Polytechnic idakhala yotseka kwa miyezi ingapo. N'chifukwa chake wogwira ntchito m'boma amene wapatsidwa mpando m'khonsolo ayenera kudziwa kuti mfundo zomwe akuvomereza zimakhudza ophunzira ndi makolo m'dziko lonse.