Helvetica ndi Arial: mkangano wa zilembo

Tikatsegula Word kuti tilembe CV, ambiri a ife timangosankha Arial n'kuyamba kulemba. Koma pali ma designer ena amene akaona Arial amakwinya nkhope. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambire ku Switzerland.

Mu 1957, kampani ya Haas, ku Münchenstein pafupi ndi Basel, inatulutsa zilembo zatsopano. Masiku amenewo chilembo chilichonse chinali kachitsulo, ndipo osindikiza anali kundandalika tizitsulo timeneti ndi manja kapena ndi makina. Wozijambula anali Max Miedinger, woyang'anira ntchitoyo anali Eduard Hoffmann. Anazitcha Neue Haas Grotesk. Dzina limeneli linali lovuta kugulitsa kunja, motero mu 1960 analisintha kukhala Helvetica, kuchokera ku Helvetia, dzina la Switzerland m'Chilatini.

Zilembo zake zinalibe timichira tokongoletsa, zinali zoongoka komanso zosavuta kuwerenga patali. Makampani monga Lufthansa ndi American Airlines anazitenga. Mu 1989 zinavomerezedwa kukhala zilembo za pa zikwangwani za sitima zapansi ku New York. Apple nayo inaziika pa iPhone kuyambira 2007 mpaka 2015.

Arial inabwera mu 1982, yojambulidwa ndi Robin Nicholas ndi Patricia Saunders a kampani ya Monotype. Pamene inalowa mu Windows 3.1 mu 1992, chilembo chake chilichonse chinali kutenga malo ofanana ndendende ndi chinzake cha Helvetica. Tsamba lokonzedwera Helvetica linali kukwanira Arial popanda kusuntha mzere. Helvetica inali ya kampani ya Linotype, yofuna kulipiridwa, ndiye ma designer ambiri anaona Arial ngati gong'a: chovala chofanana, mtengo wotsika. Koma gong'ayo ndiye inafika pa kompyuta ya munthu wamba, kuphatikizapo zathu.

Kusiyana kwake kumaoneka tikayang'anitsitsa. Mutu wa t wamng'ono wa Helvetica ndi wodulidwa mopingasa, wa Arial ndi wopendeka. Mwendo wa R wamkulu wa Helvetica umatsika pafupifupi moongoka, wa Arial umatambalala. G wa Helvetica ali ndi kachidendene pansi, wa Arial alibe.

Helvetica nayo inali ndi adani ake. Mu 2007, itakwanitsa zaka 50, Gary Hustwit anatulutsa filimu yotchedwa Helvetica. M'menemo Massimo Vignelli anaiyamikira, pomwe Erik Spiekermann ndi Paula Scher anaidzudzula. Kwa Scher, zinali zilembo za makampani akuluakulu ndi boma, ndipo anazigwirizanitsa ndi nkhondo ya ku Vietnam. Anthu akuluakulu kukangana pa kamchira ka chilembo kungaoneke ngati masewera, koma funso lawo linali lenileni: kodi zilembo zimangonyamula uthenga, kapena nazonso zimalankhula?

Ife timakumana ndi funsoli tikamakonza posita ya kitchen party, pulogalamu ya maliro kapena chikwangwani cha kantemba. Munthu asanawerenge dzina lathu, waona kale zilembo zathu ndipo waweruza.

Nanga mkanganowo unatha bwanji? Mu 2006 Monotype inagula Linotype. Manje Helvetica ndi Arial mwini wake ndi mmodzi, koma okonda zilembo akali kuyang'ana mutu wa t.