ALONDA AMENE SANAOMBE MFUTI

Mu mzinda wa Lusaka muli maina amene akumbutsa anthu za Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Mseu wopita pa Kabwata uchedwa Burma Road, ndipo kampu yaikuru ya asilikari ichedwa Arakan Barracks, pakuti asilikari a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo m'nkhalango za ku Burma m'zaka za 1944 ndi 1945. Ku Ndola kuli Tug Argan Barracks, dzina la mpata wa mapiri ku Somaliland kumene asilikari a dziko lino ndi a ku Nyasaland analimbana ndi Ataliyana mu August 1940. Amuna amenewa mbiri yao idziwika. Koma panali gulu lina la anthu a nkhondo limene silinapatsidwe dzina la mseu, ndilo la alonda a radar, amene anakhala pa mapiri ndi m'mbali mwa nyanja, kutali ndi midzi, ali kuyang'anira ndege za adani usana ndi usiku.

Nchito ya radar siili yobvuta kuimvetsa. Munthu akapfuula pafupi ndi phiri mau ake abwerera kwa iye, ndipo phiri likakhala patali mauwo acedwa kubwerera. Makina a radar acita cimodzimodzi, koma m'malo mwa mau atumiza mafunde a wailesi. Mafundewo akagunda ndege abwerera, ndipo makina ayesa nthawi imene yapita. Liwiro la mafunde amenewa ndi mailosi 186,000 pa sekondi imodzi, kotero kuti ndege ikakhala pa mtunda wa mailosi 93, mafunde apita ndi kubwera m'gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Robert Watson-Watt ndi Arnold Wilkins anaonetsa Boma la Mangalande kuti zimenezi nzotheka pa 26 February 1935, pafupi ndi mudzi wa Daventry, caka comwe Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia m'malo mwa Livingstone. Pamene nkhondo inayamba mu September 1939, Angelezi anali atamanga kale malo a radar pafupifupi 20 m'mbali mwa nyanja yao, okhala ndi nsanja zacitsulo zotalika mapazi 360.

Nzeru imeneyi inafika mu Afrika mobisa. Mu September 1939 katswiri wa ku New Zealand, Ernest Marsden, pobwerera kwao kucokera ku Mangalande, anafotokozera Basil Schonland cinsinsi ca radar m'combo, pa ulendo wa pakati pa Cape Town ndi Durban. Schonland anali mphunzitsi pa Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, wodziwika kaamba ka kufufuza kwake za mphezi. Iye anasonkhanitsa akatswiri owerengeka, namanga makina ao-ao ndi zitsulo zogula m'masitolo a mawailesi. Pa 16 December 1939 makinawo anaona koyamba mafunde obwerera kucokera ku thanki ya madzi ya pa phiri la Northcliff. Gulu limene linasunga makina amenewa linachedwa Special Signals Services.

Pa 10 June 1940 Italy analowa nkhondo ku mbali ya Hitler, ndipo popeza Ataliyana anali kulamulira Abyssinia ndi cigawo ca Somaliland, dziko la Kenya linakhala pa ngozi. Masitima onyamula asilikari ndi katundu anali kupita pa Lusaka kunka ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, ndipo kucokera kumeneko malole anatsata mseu wa kumpoto kufikira ku Nairobi. Ndege za South Africa zopita ku nkhondo zinali kutera m'mabwalo a Northern Rhodesia kumwa mafuta. Koma khomo lalikuru la asilikari ndi zida linali doko la Mombasa, ndipo kuti dokolo licinjirizidwe, makina a ku Johannesburg anaimikidwa ku Mambrui, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Malindi. Mantha amenewo sanali acabe ai, pakuti caka comweco ndege za Ataliyana zinaponya mabomba pa Malindi.

Moyo wa pa malo otere unali wofanana, kaya ku Kenya, ku cipululu ca Sinai kapena pa zisumbu zozizira za kumpoto kwa Scotland. Malo anali kusankhidwa poyang'ana ubwino wa makina, osati wa anthu, ndiye cifukwa cake kawiri-kawiri anali pamwamba pa phiri kapena pa mcenga, popanda mthunzi ndi popanda citsime. Cigono cinali mahema kapena timanyumba ta malata. Pakati pa zonse panali kanyumba kamdima kapena lole yotsekedwa bwino, m'mene munali galasi lowala mzere wobiriwira. Ndege ikabwera, pa mzerewo panali kuoneka kacizindikiro konga munga, ndipo malo a kamungako anali kusonyeza kutalika kwa mtunda.

Alonda anagawidwa m'magulu olandizana, kuti pasakhale ora limodzi lopanda munthu pa galasi. Mmodzi anali kuyang'ana, wina kulemba m'buku nthawi ndi mtunda, wina kutumiza mau pa lamya kapena pa wailesi ku nyumba yaikuru kumene akuru anali kusonkhanitsa malipoti a malo onse pa mapu. Kuyang'anitsitsa galasi mumdima kutopetsa maso ndi mutu msanga, motero anali kusinthana mipando pafupi-pafupi. Nzeru yeniyeni inali kusiyanitsa zooneka. Mapiri abweza mafunde masiku onse, ndipo mlonda anayenera kuwadziwa pamtima monga mlimi adziwa zulu za m'munda mwake. Magulu a mbalame, mitambo ya mvula ndi mafunde a nyanja nazonso zinali kusokoneza. Kucenjeza pacabe kunali kuutsa ndege ndi kutaya mafuta. Kucedwa kucenjeza kunali kuphetsa anthu.

Kunja kwa kanyumbako kunali injini yopanga magetsi, imene inali kulira kosalekeza. Amakanika anali kuisamala ngati mwana wakhanda, pakuti injini ikazima malo onse akhala akhungu. Mcere wa m'mphepo ya ku nyanja unali kudya zitsulo, pfumbi linali kulowa m'makina, ndipo cosweka cinali kutenga masabata kuti cina cifike. Nthawi zina ndege ya kwao inali kuuluka dala m'njira yodziwika kuti ayese ngati makina anena zoona.

Cakudya cinali nyama ya m'zitini, mabisiketi olimba ndi tiyi, ndipo madzi anali kubwera m'migolo, kugawidwa moyesa. M'maiko otentha mdani wa masiku onse anali malungo ndi kamwazi. Asilikari analamulidwa kugona m'maneti ndi kumwa kwinini, ndipo pambuyo pake mankhwala ochedwa mepacrine, amene anali kusandutsa khungu la Azungu kukhala lacikasu. Usiku nyali zonse zinali kubisidwa. Makalata opita kwao anali kuyamba awerengedwa ndi mkuru, ndipo palibe analoledwa kuuza ngakhale mkazi wake nchito imene anali kugwira. Angelezi anabisa ngakhale dzina la makinawo, nawachula ndi malemba atatu okha, R.D.F.; dzina lakuti radar linacokera ku Amerika mu 1940, ndipo Angelezi analilandira mu 1943.

Bvuto lalikuru koposa linali kusungulumwa. Masabata anali kutha popanda ndege imodzi ya mdani, ndipo munthu wotere ayamba kuganiza kuti nchito yake njacabe. Mlonda wa pa cilindo adziwa bwino zimenezi: anyani sabwera pamene iye ali maso, koma pa tsiku limene wasinza. Anthu anali kudzisangalatsa ndi mpira, njuga za makadi, kusambira ndi kuwerenga manyuzipepala akale. Koma ngozi siinali kutali. Pa 12 August 1940 ndege za Ajeremani zinaphwanya malo a radar a Ventnor pa cisumbu ca Wight, pakuti wofuna kuba m'munda ayamba wathana ndi mlonda.

Pa malo ambiri a ku Mangalande oyang'ana galasi anali akazi, ndipo ku South Africa nakonso akazi ophunzira anatengedwa kukagwira nchitoyi pa malo monga Signal Hill ndi Cape Point, makamaka pamene zombo zoyenda pansi pa madzi za Ajeremani zinayamba kumiza masitima pafupi ndi Cape Town mu October 1942. Anthu akuda sanapatsidwe mpando wa pa galasi, ngakhale kuti nchito zolemetsa za m'makampu a nkhondo, zokumba, zonyamula, zophika ndi zolonda, zinali m'manja mwao. A gulu la Native Military Corps ku South Africa anali kulonda malo a Boma atagwira mikondo ndi zibonga, popeza lamulo linawakaniza mfuti. Ku Southern Rhodesia mabwalo ophunzitsira oyendetsa ndege anali kulondedwa ndi a Rhodesian Air Askari Corps. Tsankho la masiku amenewo linayesa kuti Mwafrika angathe kusunga mpanda koma sangathe kusunga cinsinsi ca mkati mwake.

Ataliyana sanakhalitse. Kismayu ndi Mogadishu anagwa mu February 1941, ndipo Addis Ababa pa 6 April, asilikari olankhula Cinyanja ali pakati pa ogonjetsawo. Ngozi ya Mombasa itatha, alonda a South Africa anasamukira ku Sinai kukacinjiriza ngalande ya Suez.

Mbiri ionetsanso kuti maso okha sakwanira. M'mawa wa pa 7 December 1941 asilikari awiri acinyamata pa malo a radar a Opana, ku zisumbu za Hawaii, anaona gulu lalikuru la ndege pa mtunda wa mailosi oposa 130, natumiza mau. Mkuru wolandira mauwo anayesa kuti ndi ndege za Amerika zimene zinali kuyembekezeka kucokera ku California, nawauza kuti asade nkhawa. Pasanathe ora limodzi Ajapani anaponya mabomba pa Pearl Harbor, ndipo anthu oposa 2,400 anafa. Akuru akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu lotsinidwalo liyenera kumva.

Lusaka anaphunzira phunziro lofanana nalo patapita zaka zambiri. Pa 19 October 1978 ndege za boma la Ian Smith zinaloweza m'Zambia, niziponya mabomba pa kampu ya ZIPRA ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda, ndipo anthu mazana anafa. Pa nthawi yomweyo mtsogoleri wa ndegezo analankhula pa wailesi ndi nsanja ya pa bwalo lalikuru la ndege, kutsogolo kwa Chelstone, nalamula kuti ndege za nkhondo za Zambia zisanyamuke. Tsiku limenelo anthu a mu Lusaka anazindikira kuti malire a dziko sali pansi pokha, ali ndi kumwamba komwe.

Cinjirizo la dziko lifuna anthu atatu: woona, wokhulupirira mau a woonayo, ndi wokhala ndi mphamvu ya kucitapo kanthu. Mwa atatuwa woyamba ndiye aiwalika msanga, cifukwa nchito yake ikayenda bwino palibe cooneka, koma doko losapsa ndi combo cofika bwino. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu, amene adzapatsidwa nchito yoyang'anira makina, kulemba buku la malipoti kapena kulandira mau pa lamya usiku, angathe kukumbukira alonda a ku Mambrui. Iwo anakhala miyezi pa mcenga wotentha, ali kulemba molondola zinthu zimene masiku ambiri zinaoneka zopanda pake, ndipo asilikari otsika m'zombo pa Mombasa sanadziwe ndi pang'ono pomwe kuti kumpoto kuli anthu owayang'anira.