Tanthauzo la Mawu Akuti "Rada"

Rada ndi dzina lochokera ku Chingerezi, lobadwa m'chaka cha 1940, ndipo litanthauza chipangizo chimene chimaponya mafunde a wailesi kuthambo ndi kutchera khutu kuti chimve mmene abwerera atagunda madontho a m'mitambo; pakutero akatswiri a zanyengo amadziwa kumene mvula ili, kukula kwake, ndi kumene ilowera. Koma rada yatsopano siipindula kanthu kufikira italembedwa m'kaundula wa kompyuta, dzina lake, malo ake pamapu ndi msinkhu wa pamene yaimikidwa, pakuti nambala imodzi ikalakwika, mvula ya ku Ntcheu, imene imadzaza mtsinje wa Rivirivi usanathire mu Shire, idzaoneka ngati ikugwa kwina. Inu a ku Balaka ndi Machinga, chenjezo la akatswiri a zanyengo likamveka mverani, pakuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.