Khomo la laibulale linatseguka, koma olowa sakhalitsa

Ku America anthu ena amati mapulogalamu okokera achinyamata akuda ndi a mitundu ina yochepa ku ntchito za m'malaibulale a mayunivesite ndi zadzulodzulo, zobwera ndi zionetsero za mu 2020 George Floyd ataphedwa. Mbiri ikukana zimenezo.

Edward Christopher Williams, yemwe amadziwika kuti ndi wakuda woyamba kuphunzira ntchitoyi kusukulu, anamaliza maphunziro ake m'chigawo cha New York mu 1900. Pa nthawi imene malamulo a madera akumwera ankaletsa akuda kukhala m'kalasi limodzi ndi azungu, Hampton Institute ku Virginia ndiyo inkawaphunzitsa, kuyambira 1925 mpaka 1939. Mu 1941 Atlanta University inapitiriza ntchitoyo motsogozedwa ndi Eliza Atkins Gleason.

Malamulo atsankho anatha m'zaka za m'ma 1960, koma chopinga china chinatsala. Kuti munthu alembedwe ntchito yoyang'anira laibulale payunivesite amafunika digiri yachiwiri, ndipo akaipeza amamufunsanso kuti anagwirapo kuti. Mwana wa m'banja losauka amavutika ndi fizi, kenako n'kukanidwa chifukwa chosowa luso limene sangalipeze popanda wina kuyamba wamulemba ntchito.

Yunivesite ya Delaware inayesa njira ina mu 1984, pulogalamu imene pano ili ndi dzina la Pauline A. Young, mayi wakuda amene ankayang'anira laibulale ya pasukulu ku Wilmington. Ohio State inayamba yake mu 1989. Womaliza kumene maphunziro amalembedwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu, amalandira malipiro, ndipo amazungulira m'madipatimenti: miyezi ina akulemba mabuku m'kaundula, ina ali patebulo lothandiza ophunzira kufufuza, ina ali m'chipinda cha zolemba zakale. Mu 1997 bungwe la American Library Association linakhazikitsa Spectrum, thumba lopereka madola 5,000 a fizi kwa wophunzira aliyense wosankhidwa.

Nanga zinasintha motani? Kafukufuku wa bungwe lomwelo anapeza kuti mu 2000, mwa anthu 100 alionse okhala ndi digiri ya ntchitoyi, 11 okha ndiwo sanali azungu. Patatha zaka pafupifupi 10, anali 12.

Apa m'pamene pagona nkhani. Ambiri amene anadutsa m'mapulogalamuwa analemba zimene anaona, ndipo madandaulo awo amafanana. Munthu afika ali ndi digiri yofanana ndi ya anzake, koma ena mu ofesi amamuyesa mwana wasukulu wodzaphunzira ntchito. Pamsonkhano wa ogwira ntchito apeza kuti wakuda ndi iye yekha. Komiti iliyonse yokamba za tsankho imufuna, chithunzi chake chiikidwa pa kabuku kotsatsa laibulale, koma chaka chachiwiri chikamalowa, madzulo ake amathera polemba makalata ofunsira ntchito kwina. Anamulandira ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame.

Mu 2015 malaibulale a mayunivesite anayi, a ku Washington DC, Iowa, Virginia ndi West Virginia, anagwirizana zolimbana ndi kusungulumwa kumeneku. Anaganiza zolemba achinyamatawa nthawi imodzi n'kumawasonkhanitsa pamodzi, kuti aliyense akhale ndi anzake omvetsa zimene akukumana nazo ngakhale ali kutali. Chaka chotsatira bungwe la malaibulale a m'makoleji, la ACRL, linatenga mgwirizanowu, ndipo mayunivesite ambiri analowamo. Imeneyi inali nzeru yabwino, ndipo inapatsa achinyamata ambiri poyambira. Chimene sinathe kukonza ndi ndalama. Malo a zaka zitatu savuta kuwapezera bajeti poyerekeza ndi ntchito yokhazikika, choncho malaibulale ambiri ankangotsanzikana ndi wina n'kulandira wina, chiwerengero cha okhazikika osasuntha kwenikweni.

Kenako malamulo anasintha. Pa 29 June 2023 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti mayunivesite asamayang'ane mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulocho sichinkanena za malaibulale, komabe mayunivesite anayamba kuunikanso chilichonse chotchula mtundu. Ku Texas, lamulo lotseka maofesi oona za kusiyana kwa mitundu m'mayunivesite a boma linayamba kugwira ntchito mu January 2024. Malaibulale ena anasintha mayina a mapulogalamu awo n'kuwatsegulira aliyense wongoyamba kumene ntchito.

Dzina likhoza kusintha, koma vuto lakale lija likadalipo. Yunivesite imene ikufunadi kuti wophunzira wakuda akalowa m'laibulale azipezamo womuthandiza wofanana naye, iyambe yakonza malo a ntchito yokhazikika isanaitane wachinyamata wina kudzakhala zaka ziwiri.