Cisumbu ca Madagascar ndi Anthu Ake

Kum'mawa kwa Mozambique, patsidya pa nyanja ya mcere, kuli Madagascar, cisumbu cacinai pa zisumbu zazikulu za dziko lapansi. Utali wake ndi mamailosi ngati 1,000, ndipo catalikirana ndi Africa mamailosi 250 okha. Pakati pake pali mapiri ozizira. Kum'mawa kumagwa mvula yambiri, koma kumwera nkouma.

Cingakhale cili pafupi cotere, cinenero ca eni ake ncocokera kutali. Makolo ao ena anadza pa mabwato kucokera ku Indonesia, atatenga mbeu ya mpunga. Ena anaoloka kucokera ku Africa ndi ng'ombe za linunda, ndipo pambuyo pake Amakua ambiri anafikako ali akapolo.

Radama I, mfumu ya Amerina, anagonjetsa mbali yaikulu ya cisumbuco, nalola amishoni a ku London kutsegula sukulu ku Antananarivo m'caka ca 1820. Afalansa analanda dzikolo mu 1896. Mu 1947 eni dziko anawaukira, ndipo anthu zikwi zambiri anaphedwa. Ufulu unadza pa 26 June 1960.

Cakudya ceniceni ca Amalagasi ndi mpunga. Kunja amagulitsa khofi ndi vanila, ndipo vanilayo amalimidwa kumeneko koposa maiko onse. Koma alimi ambiri amatentha nkhalango pofuna minda, ndipo mvula imakokolola nthaka, kotero kuti mtsinje wa Betsiboka umafika kunyanja uli wofiira. Dziko limene analanda Afalansa linabwezedwa, koma nthaka yopita kunyanja sibwerera.