Mtunda

Mawu oti mtunda ali ndi matanthauzo awiri oyandikana. Loyamba ndi malo okwera kapena ouma, kusiyanitsa ndi chigwa ndi madzi. Msodzi wa ku Nkhata Bay akakocheza bwato amati wafika kumtunda, ndipo wokwera basi yopita ku Mzuzu nayenso akupita kumtunda, poti mzindawu uli pamapiri a Viphya, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere.

Tanthauzo lachiwiri ndi kutalikirana kwa malo awiri. Apa mpofunika kufunsa kuti mtundawo wayezedwa bwanji. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe pamsewu wa M1, kudzera ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ndi makilomita pafupifupi 360, chifukwa msewu umakhotakhota polambalala mapiri ndi zigwa. Mtunda wa mumlengalenga, woyezedwa molunjika, ndi makilomita pafupifupi 280. Ndege zimatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa Lilongwe, choncho ulendo wa pandege wochokera ku Mzuzu umafupikirako.

Oyendetsa ndege amayeza mtunda ndi mailo ya panyanja, yomwe ndi mamita 1,852.